Kodi tabuleti ingadziwe kuti mwana wapeza bwino?

Madzi akaphwera kuchigwa kuno, zoyamba kuwerengedwa zimakhala zooneka ndi maso: makalasi angati agwa, madesiki angati apita ndi madzi, mabuku angati asanduka phala. Zimenezi sizivuta kulemba. Wovuta kumulemba ndi mwana amene wabwerera kusukulu, wakhala pamalo pake pomwe paja, koma mitambo ikangoda cha kumapiri a Thyolo maso ake ali pawindo, ndipo bingu likagunda iye wayamba kale kulongedza makope. Aphunzitsi a ku Nsanje ndi ku Chikwawa amamudziwa mwana ameneyu. Anamuona madzi a mu Januwale 2015 atadutsa, pamene mtsinje wa Ruo unasiya njira yake n'kudula Makhanga. Anamuonanso mu 2019 nthawi ya namondwe Idai, mu 2022 anamondwe Ana ndi Gombe atapondana, ndiponso mu Malichi 2023 pamene namondwe Freddy anasamutsa anthu oposa 600,000 m'chigawo cha kummwera, sukulu zambiri n'kusanduka misasa.

Amene amamuthandiza mwana wotere ndi anthu omwe ali pafupi: mphunzitsi amene anakaphunzirako za uphungu kwa masiku ochepa, amayi a Mother Group, mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo, nthawi zina wogwira ntchito yoteteza ana. Madokotala a matenda a maganizo m'dziko muno ndi owerengeka, ndipo chipatala chachikulu cha boma cha matendawa chili ku Zomba, kutali ndi Marka kapena Chapananga. Tsono mphunzitsi uja akacheza ndi mwanayo kanayi kapena kasanu, adziwa bwanji kuti mtima wake ukupepuka? Yankho lozolowereka ndi lakuti, "Akuoneka bwino masiku ano." Koma mwana wathu analeredwa kuti wamkulu akamufunsa ayankhe kuti ali bwino, ngakhale usiku wonse sanagone. Mpata umenewu ndi umene mafoni ndi matabuleti akufuna kutseka.

Zimene zili m'kati mwake

Tabuleti siyeza maganizo ngati mmene kachipangizo ka malungo kamayezera dontho la magazi. M'kati mwake muli mafunso basi, omwewo amene akanatha kusindikizidwa papepala. Odziwika kwambiri ndi a PHQ-9, amene anatuluka mu 2001. Alipo mafunso 9, ndipo onse amafunsa za milungu iwiri yapitayi: kusowa chidwi pa zimene unkakonda, kukhumudwa kapena kutaya mtima, kusagona bwino kapena kugona mopitirira, kutopa, kusafuna kudya kapena kudya mopitirira, kudziona wolephera, kukanika kuika maganizo pa chinthu chimodzi, kuchita zinthu mozizira kapena mosakhazikika, ndipo lomaliza ndi la maganizo akuti bola kufa kapena kudzivulaza. Funso lililonse lili ndi mayankho anayi. Ngati sizinachitike n'komwe, ndi 0. Masiku angapo, 1. Kupitirira theka la masikuwo, 2. Pafupifupi tsiku lililonse, 3. Mukaphatikiza mumapeza nambala ya pakati pa 0 ndi 27, ndipo malire ake ali pa 5, 10, 15 ndi 20. Kuyambira pa 10 ndi pamene azaumoyo ambiri amati munthuyu aonedwe bwinobwino. Mafunsowa anamasuliridwa m'Chichewa n'kuyesedwa m'zipatala za kuno kwathu, koma pa anthu akuluakulu, monga odwala shuga. Alipo ena ofanana nawo okonzera achinyamata.

Kwa ana aang'ono kuli SDQ, ya Robert Goodman wa ku Britain, ya mu 1997. Iyi ili ndi mafunso 25 m'magulu asanu: nkhawa ndi chisoni, khalidwe, kusakhazikika, kugwirizana ndi anzake, ndi mtima wothandiza ena. Ubwino wake ndi wakuti kholo limayankha fomu yake, mphunzitsi yake, ndipo mwana wa zaka 11 kupita m'mwamba amadziyankhira yekha. Mafomu atatuwo akasemphana, pamenepo mpamene pali nkhani. Mwana wofatsa kwambiri m'kalasi, amene mphunzitsi amamutamanda kuti savuta, mwina ndi amene amalira usiku. Koma SDQ imafunsa za miyezi isanu ndi umodzi yapitayo, choncho si yofunsa mlungu uliwonse, ndiponso malire ake oyambirira anachokera pa ana a ku Britain. Pa mantha otsalira ngozi ikapita pali CRIES-8, mafunso 8 okha a ana a zaka 8 kupita m'mwamba, ofunsa ngati zimene zinachitikazo zimangobwera zokha m'mutu komanso ngati mwanayo amapewa kuzikumbukira. Kuchigwa kuno ndikuona kuti imeneyi ndi yoyenera kuposa zinzake miyezi yotsatira madzi osefukira.

Palibe ngakhale imodzi mwa zimenezi imene imanena kuti mwana akudwala chakuti. Zimangoloza amene ayenera kuonedwa ndi munthu wodziwa.

Nambala imodzi ilibe nkhani

Tiyerekeze mtsikana wa Sitandade 7. Mu Febuluwale wapeza 16 pa mafunso a PHQ-9 aja. Payokha nambalayi ikungotiuza kuti zinthu sizili bwino, zomwe mphunzitsi wake anaziona kale. Phindu limayamba pa muyeso wachiwiri ndi wachitatu. Pakatha milungu itatu wapeza 14, kenako 15, kenako 9. Kuchoka pa 16 kufika pa 14 si chinthu chovinira, chifukwa nambalazi zimagwedezeka zokha malinga ndi tsiku. Akatswiri amatenga kusintha kwa 5 kapena kuposerapo ngati kusintha kwenikweni, kutsika ndi theka ngati chizindikiro chakuti thandizo lagwira, ndipo kufika pansi pa 5 ngati vuto latsala pang'ono kutheratu. Ndiye 9 ujayo ndi nkhani yabwino, koma mtsikanayo sanafike poti n'kumusiya. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Apa mpamene chipangizo chimaposa pepala, ndipo sindikufuna kuchichepetsa. Chimaphatikiza mosalakwitsa. Chimajambula mzere woonetsa kukwera ndi kutsika, umene mphunzitsi angamuonetse mwanayo n'kumufunsa kuti, "Apa zinatsika, chinachitika n'chiyani mlungu umenewo?" Chimakumbutsa kuti uje ndi uje tsiku lawo lakwana. Mwana akayankha funso lomaliza lija ndi nambala ina iliyonse yoposa 0, chimachenjeza pompo, ngakhale zonse pamodzi zili zochepa. Ndipo chachikulu kwa ife a kuchigwa: kaundula wa pepala amakhala mu ofesi ya ahedi, ndipo madzi akalowa amapita limodzi ndi choko ndi mbendera. Zolembedwa pa tabuleti zikatumizidwa ku seva, kompyuta yakutali yosungira zinthu, zimapulumuka ngakhale sukulu yonse itamira.

Mawu akuti "zikatumizidwa" ndi olemera. Mapulogalamu monga ODK, KoboToolbox ndi CommCare anapangidwa kuti azigwira ntchito popanda intaneti. Mphunzitsi amadzaza fomu pansi pa mtengo, mayankho n'kukhala m'chipangizomo mpaka atafika pamene pali netiweki, kaya pa Bangula, pa Ngabu kapena pa Nchalo, ndiye n'kutumiza zonse kamodzi. Koma kufikira tsiku limenelo zonse zili m'chipangizo chimodzi, chimene chingagwe m'bwato kapena kubedwa. Pamafunika bandulo, ndipo pamafunika moto. Tonse tikukumbukira mmene magetsi ankazimira namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130. Sola ndiye yankho, ndipo sukulu zimene zinalandira matabuleti a pulogalamu ya boma ya BEFIT, ophunzirira kuwerenga ndi masamu m'makalasi a Sitandade 1 mpaka 4 kuyambira mu 2023, zili nayo kale potchajira. Potchajira mpomwepo, koma matabuleti amenewo amagwiridwa ndi ana ambirimbiri pa tsiku, ndiye si malo osungira zinsinsi za mwana wina.

Nambala zimatsata nyengo ya chigwa

Yang'ananinso mafunso 9 aja. Anayi mwa iwo ndi a tulo, kutopa, chakudya ndi kuika maganizo pa chinthu. Tsopano funsani mwana wa kwa Tengani mu Novembala, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40 ndipo anthu amagona panja akulimbana ndi udzudzu, kuti kodi akugona bwino. Funsani mu Febuluwale, nkhokwe zili mbee, mabanja ena akudya nyika za m'dambo, kuti kodi akumatopa, kodi akutha kumvetsera m'kalasi. Ayankha zoona zokhazokha, ndipo nambala ikwera. Malungo, likodzo ndi kuchepa kwa magazi zimachitanso chimodzimodzi. Mwana angathe kufika pa 10 popanda kukhumudwa kulikonse, ali ndi njala chabe. Funso la chakudya ndiye limasokoneza kwambiri, chifukwa "sindikufuna kudya" ndi "kulibe chakudya" zimatha kulowa m'bokosi limodzi ngati wofunsayo akuthamangira kumaliza.

Zotsatira zake n'zoseketsa mukaziganiza. Ntchito yoyamba mu Febuluwale n'kutha mu Meyi, anthu atakolola ndipo kunja kwazizirako, idzaoneka yopambana zedi ngakhale alangizi ake atamangosewera bawo. Yoyamba mu Juni n'kutha mu Januwale idzaoneka yolephera ngakhale atagwira ntchito yotamandika. Munthu wokhala ku Lilongwe kapena kunja, amene akuona mizere yobiriwira ndi yofiira pakompyuta, sangadziwe zimenezi pokhapokha fomuyo ikhale ndi malo olembapo kuti mwanayu wadya kangati dzulo, wadwala malungo posachedwa kapena ayi, akugona kwawo kapena pamsasa. Komanso wowerenga aziyang'ana funso lililonse palokha. Kutsika kwa nambala ya tulo ndi kutsika kwa nambala ya kudziona wopanda pake ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Palinso msampha wina wa masamu. Ana amene amasankhidwa kuti alandire uphungu ndi amene apeza nambala zazikulu tsiku loyamba. Ena mwa iwo linali tsiku loipa chabe, mwina dzulo lake kunali maliro. Mukawayezanso ambiri atsika, ngakhale palibe amene wacheza nawo. Zili ngati kuyeza Shire tsiku limene wadzaza kwambiri: tsiku lina lililonse mudzamupeza ali wotsikirapo, ndipo simunganene kuti mwamuphwetsa ndinu. Ndi zodziwikanso kuti ngozi ikachitika ana ambiri amabwerera mwakale paokha m'miyezi yotsatira, akakhala ndi pogona, chakudya ndi abale awo pafupi. N'chifukwa chake kwa ine mzere wofunika kwambiri pa tabuleti ndi umene ukukana kutsika. Mwana amene wakhala pa 17, 18, 17 kwa teremu yonse, anzake onse akutsika, akutiuza kuti zimene tikuchitazo sizikumufika, ndipo mwina gwero la vuto lake si madzi aja ayi.

Wofunsa ndani, ndipo mwana akuganiza kuti afuna chiyani

Kuchigwa kuno munthu wonyamula tabuleti timamudziwa. Ndi amene amabwera kudzalemba mayina a olandira chimanga, matenti kapena Mtukula Pakhomo. Ana anaona makolo awo akufola pamzere, ndipo anaphunzira kuti wofotokoza bwino mavuto ake ndiye amalembedwa. Tsono mlendo akabwera ndi chipangizo chomwecho n'kufunsa kuti, "Kodi umadandaula masiku angati?" mwana wanzeru ayankha kuti tsiku lililonse. Sakunama mwa njiru, akuthandiza banja lake. Mbali inayi, wofunsayo akakhala mphunzitsi wake yemwe, amene amagwira choko m'mawa ndi kupereka chibalo masana, yankho limakhala, "Ayi Madamu, palibe vuto." Ndipo pamwamba pa zonse pali mantha a dzina lija lakuti wamisala, limene likakumata pasukulu silichoka msanga. Choncho mawu oyamba asanafunse funso lililonse ndi ofunika kuposa pulogalamu yonse: kuti izi sizikukhudza thandizo la chakudya, sizikukhudza malikisi, ndipo amene aone mayankhowa ndi uje ndi uje basi.

Chilankhulo nachonso chili ndi zake. Fomu imabwera m'Chichewa cha m'mabuku, pamene mwana wa ku Nsanje kunyumba amalankhula Chisena, wina Chimang'anja. Mawu akuti kukhumudwa kwa ambiri amatanthauza kuti wina wakulakwira. Munthu wovutika mumtima kawirikawiri amati akuganiza kwambiri, mtima ukumuwawa, mutu ukumulemera, kapena kungoti akuona nyatwa. Wofunsa akamamasulira yekha pamutu, lero mwanjira ina mawa mwanjira ina, nambala za miyezi iwiri sizingafananitsidwe. Apa chipangizo chingathandize m'njira yosavuta: mafunso ajambulidwe mawu kamodzi, m'chilankhulo cha mwanayo, ndipo iye azimvera pa mahedifoni n'kumadina yekha. Mwana wosatha kuwerenga bwino amathandizika, ndipo wamanyazi sayang'anizana ndi nkhope ya wamkulu poyankha.

Za aphunzitsi ndinene mwachidule. Kalasi ya ana oposa 100 si yachilendo kuno. Kuuza mphunzitsi wotere kuti adzaze mafunso 25 pa mwana aliyense ndi kumupempha kuti apeke mayankho. Ndipo tsiku limene sukulu zidzayambe kuyamikiridwa kapena kudzudzulidwa potengera kutsika kwa nambalazi, nambala zidzatsika ndithu, ana ali chimodzimodzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chinsinsi

Zimene mwana wanena zokhudza maganizo ake ndi nkhani ya chipatala, ngakhale zalembedwa pasukulu. Lamulo la Data Protection Act, limene linayamba kugwira ntchito mu 2024 ndipo likuyang'aniridwa ndi MACRA, limaika nkhani za thanzi m'gulu lofunika chitetezo chapadera, ndipo pa mwana pamafunika chilolezo cha kholo kapena womulera. Mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, malinga ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko kwa mu 2017. Koma chinsinsi sichiululika ku seva kawirikawiri. Chimaululika pamene wina wajambula fomu n'kuiponya pa gulu la WhatsApp la aphunzitsi kuti anzake amuthandize maganizo, kapena pamene pasiwedi yalembedwa pakapepala kumbuyo kwa tabuleti.

Ganizo lotumizira mwana uthenga wa pafoni womufunsa mmene akumvera limamveka lamakono, koma foni ya pakhomo ndi ya bambo, ya amalume kapena ya achimwene. Ngati vuto la mtsikanayo lili m'nyumba momwemo, kaya nkhanza kaya ukwati umene akumukakamiza, uthenga umenewo wamuika pamoto. Njira yabwino ndi yakuti m'chipangizo mukhale nambala m'malo mwa dzina, ndipo buku lolumikiza nambala ndi dzina likhale ndi munthu mmodzi. Mphunzitsi wa kalasi angodziwa kuti mwanayu akufunika kumuyang'anira. Mlangizi wa zoni ndi a ku boma aone ziwerengero zokha. Ngakhale pamenepo pamafunika maso, chifukwa pasukulu yaing'ono mawu akuti "mtsikana mmodzi wa Sitandade 8" ndi dzina kale.

Funso lomaliza lija

Walira mvula walira matope. Mukafunsa ana 300 ngati amaganiza zodzivulaza, ena ayankha kuti inde, ndipo yankho limenelo silidikira kuti mufike pa netiweki Lachisanu. Pafunika munthu wodziwika dzina amene akhale naye pansi tsiku lomwelo, wodziwa chonena, wodziwa nthawi youza makolo ndi nthawi imene kuuza makolo kungaonjezere ngozi. Pafunika kudziwiratu kuti anamwino kapena dokotala woona za matenda a maganizo amapezeka liti pachipatala cha boma ku Chikwawa kapena ku Nsanje, ndiponso ndani alipire kabaza kapena bwato. Nambala yaulere ya 116, ya Tithandizane imene amayendetsa a YONECO, ilembedwe poonekera. Anthu amaopanso kulemba nkhani imeneyi chifukwa Gawo 229 la Penal Code, buku la malamulo a milandu, lakhala likuika kuyesa kudzipha m'gulu la milandu, ndiye kholo likamva kuti zalowa m'kompyuta limaganiza za apolisi. Sukulu imene ilibe yankho pa zonsezi isayambe kufunsa. Kufunsa mwana za imfa, iye n'kuulula, kenako osaona chilichonse chikuchitika, kumamuphunzitsa kuti asadzaululenso.

Kutumiza mwana kuchipatala nakonso si mapeto. Unduna wa Zaumoyo umasunga ziwerengero zake mu pulogalamu ya pakompyuta ya DHIS2, ndipo alangizi ena a zaumoyo ali ndi matabuleti a pulogalamu ya iCHIS, yolembamo za umoyo wa anthu m'midzi, pamene Unduna wa Maphunziro uli ndi kaundula wakewake wotchedwa EMIS, ndipo zonsezi sizilumikizana zokha ndi tabuleti ya pasukulu. Tabuleti ya pasukulu ikhoza kunena monyadira kuti ana 12 atumizidwa, osadziwa kuti anafika ndi angati. Bokosi lakuti "wafika?" liyenera kukhala lofiira mpaka wina atatsimikiza, ndipo amene angatsimikize mosavuta ndi mlangizi wa zaumoyo, poti amaponda kusukulu ndi kuchipatala komwe.

Tibwerere kwa mtsikana wathu uja. Tinati 16, 14, 15, 9. Tsopano tiyerekeze kuti 9 uja kulibe, chifukwa tsiku la muyeso wachinayi sanabwere, ndipo mlungu wotsatira sanabwerenso. Pulogalamu yosaganiziridwa bwino imangomudumpha n'kuwerengera otsalawo. Poti amene amasiya sukulu nthawi zambiri ndi omwe zinthu zawathina kwambiri, chiwerengero cha sukulu yonse chimaoneka chokongola kwambiri iye atachoka. Lipoti lidzati ana apeza bwino. N'chifukwa chake kaundula wa kujomba, amene aphunzitsi amaitana m'mawa uliwonse kuyambira kalekale, ayenera kuyendera limodzi ndi mafunso onsewa, ndipo lipoti lililonse lizinena kuti tinayamba ndi ana angati, tamaliza ndi angati.

Chimene chipangizo chingachite ndi kuonetsa kuti mzere wa mwanayu waduka. Kuchokera pamenepo ndi ntchito ya mayi wa Mother Group, amene akwere njinga yake dzuwa lisanakwere n'kukagogoda.

"Odi kuno! Agogo, mwadzuka bwanji? Mdzukulu wanu uja sitikumuona kusukulu."

"Ali kudimba ndi mayi ake, akubzala madzi asanaphwe." Kapena, "Anapita kwa amalume ake kutsidya." Kapena agogowo angoyang'ana pansi.

Mayankho atatuwa akufuna zochita zitatu zosiyana, ndipo fomu iyenera kukhala ndi malo a lililonse: ali kudimba abwera, anasamuka ndipo nambala yake imutsate kusukulu yatsopano, kapena nkhaniyi ipite lero kwa woteteza ana ndi kwa amfumu.